Maluwa a M'dzinja ku Dwambazi: Tiwajambule Tili M'munda

Lero tili ku Dwambazi, kumalire a boma la Nkhotakota ndi la Nkhata Bay, kumene msewu wa M5 umadutsa nyanja ili kum'mawa, mapiri a nkhalango ali kumadzulo. Nkhani yathu ndi ya maluwa a m'dzinja, komanso ya ntchito imene ambirife timaiyesa ya alendo: kukhala pansi m'munda, pepala lili pabondo, n'kujambula duwa ndi dzanja, kenako n'kulipaka utoto.

Ku Ulaya ndi ku America kuli alimi ena amene nyengo yofunda ikafika amatsegula minda yawo ya maluwa, anthu a m'tauni n'kumabwera kudzaphunzira kujambula ali panja. Amalipira ndalama, amakhala tsiku lathunthu, madzulo aliyense n'kubwerera ndi chithunzi chake. Kwa iwo ndi njira yopumulira. Ine ndikuti kuno kwathu ntchito yomweyo ili ndi phindu loposa pamenepo, chifukwa maluwa amene tingajambule ndi omwewo amene amatidyetsa, ndipo ena mwa iwo ndi omwe amatilanda chakudya.

Tiyambe ndi dzungu, poti makomo ambiri m'mbali mwa nyanja muno sasowa phando la maungu kuseri kwa nyumba. Duwa la dzungu limatsegula m'bandakucha. Dzuwa likamafika pamutu limakhala litayamba kale kufota, ndipo silidzatsegulanso. Tengani mwana wa sitandade 6, mumukhazike pamene dzungu layanga, mumupatse pensulo n'kumuuza kuti ajambule maluwa awiri oyandikana. Pasanathe nthawi adzutsa mutu n'kunena kuti maluwawa si ofanana. Lina lili pa kamtengo kakatali kowonda, ndipo m'kati mwake muli kandodo kamodzi kodzaza ndi ufa wachikasu, umene ndi mungu. Linalo lili pa kamtengo kakafupi, ndipo pansi pake pali kadzungu kobiriwira, duwa lisanafote n'komwe. Loyambalo ndi lalimuna, lachiwirilo ndi lalikazi. Amayi othyola chiluwe cha ndiwo amadziwa kale zimenezi, n'chifukwa chake amasiya duwa la kadzungu. Koma mwana akakhalabe pomwepo aonanso njuchi ikutuluka m'duwa lalimuna thupi lonse lili mbuu ndi mungu, n'kukalowa m'lalikazi lija. Ulendo umenewo ukapanda kuchitika m'mawa womwewo, kadzungu kaja kamasanduka chikasu n'kuthothoka.

Taganizani zimene mwana uyu waphunzira popanda womulalikira. Wadziwa kuti pothyola chiluwe sitimaliza maluwa onse aamuna. Wadziwa kuti kupopera mankhwala m'mawa, njuchi zili pantchito, ndi kudzichepetsera wekha zokolola, ndipo kuti ngati kupopera kuli kofunikadi, nthawi yake ndi madzulo. Alangizi a zaulimi akhala akunena zimenezi pamisonkhano, anthu n'kumavomera ndi mutu. Koma chinthu chimene munthu wachitsata ndi diso lake, dzanja n'kuchilemba mzere ndi mzere, sichichoka msanga m'mutu.

Mtedza nawo uli ndi zake. Kaduwa kake n'kachikasu, kakang'ono, kobisala pansi pa masamba. Kakafota, pamalo pake pamatuluka kamsonga kamene kamaweramira pansi n'kuboola dothi, ndipo mtedza umakabereka kunsonga kwake m'nthakamo. Wojambula amene waona timisonga timeneti sangalowenso ndi khasu m'munda wa mtedza utachita maluwa. Udzu auzula ndi manja. Pa chimanga, ngayaye ndiyo imagwetsa mungu, ndevu ndizo zimaulandira, ndipo ulusi uliwonse wa ndevu umakathera pa njere yake imodzi. Chisononkho cha magweru chimatanthauza kuti ndevu zina sizidalandire mungu, mwina chifukwa dzuwa lidang'amba pa nthawi yomasula.

Ndiye pali kaufiti. Mwa maluwa onse a m'munda wa chimanga, ochepa amakongola kuposa iye: kaduwa kofiira piriwiri pa katsinde kobiriwira. Mwana wosadziwa angakathyole n'kukasomeka m'tsitsi. Koma pamene duwalo likuoneka, mizu yake imakhala itayamwa kale chimanga kwa milungu ingapo pansi pa nthaka. Chomera chimodzi chimabala njere zikwizikwi, zosalala ngati fodya wopera, ndipo zimatha kugona m'dothi zaka zoposa 10 zikudikira chimanga china. Chithunzi cha kaufiti chojambulidwa bwino, chosonyeza duwa pamwamba ndi pamene mizu yake yaluma muzu wa chimanga, chitapachikidwa m'kalasi kapena pamalo okumanira kalabu ya alimi, chingaphunzitse mudzi wonse kuti mdaniyu timamuzula asanabale njere, ndipo sitimusiya mumkwasa.

Ndikudziwa kuti wina akufunsa kale kuti, nanga foni ntchito yake n'chiyani? Zoonadi, foni imajambula duwa m'kuphethira kwa diso, ndipo chithunzicho chimatuluka chokongola kuposa cha mwana wa pensulo. Vuto lake ndi liwiro lomwelo. Ukhoza kujambula duwa la therere ndi foni kakhumi osadziwa kuti lili ndi masamba asanu, osaonanso kuti pakati pake m'pofiirira moderako. Wa pensulo sangathawe kuwerenga, chifukwa dzanja limaima mpaka diso litaliuza chochita. Makolo adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kujambula ndi sukulu ya kudekha kumeneko. Ngakhale akatswiri a zomera, amene ali ndi makamera amphamvu, mpaka lero amagwiritsabe ntchito ojambula pamanja. Mabuku a Flora Zambesiaca, amene adayamba kutuluka mu 1960 ndipo amafotokoza zomera za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, ndi odzaza ndi zithunzi zolemba ndi dzanja. Wojambula amatha kuika patsamba limodzi muzu, tsamba, duwa lotumbula pakati ndi njere, zinthu zimene kuthengo sizipezeka zonse tsiku limodzi. Komanso duwa louma losungidwa pakati pa mapepala, monga amachitira ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, limataya mtundu wake pakapita nthawi, pamene chithunzi chopaka utoto chimausunga.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa pang'ono. Tikafunsa kuti amene akhala akujambula ndi kulemba maluwa a dziko lino ndani, mayina ambiri amene amatuluka ndi a alendo. Mu 1861 David Livingstone adadutsa gombe lino pa boti akulowera kumpoto, ndipo m'botimo mudali John Kirk, dokotala wodziwa zomera, amene ankatola masamba ndi maluwa, kujambula zina, n'kumatumiza kumunda wa zomera wa Kew ku England. Mpaka lero dzina la sayansi la masuku athu ndi Uapaca kirkiana, kukumbukira iyeyo. Mkungudza wa ku Mulanje udatenga dzina la Alexander Whyte, amene adayambitsa munda wa zomera ku Zomba m'zaka za m'ma 1890. Jessie Williamson adalemba buku la zomera zothandiza za dziko lino lomwe lidatuluka mu 1955, ndipo adasungamo mayina ambiri a m'zinenero zathu. Mu 1975 Audrey Moriarty adatulutsa buku lotchedwa Wild Flowers of Malawi, la zithunzi zimene adapenta yekha. Anthu amenewa adagwira ntchito yabwino, ndipo tiyenera kuwathokoza. Koma amene ankawalozera zomerazo, kuwauza mayina ndi ntchito zake, adali agogo athu, ndipo ambiri mwa iwo sadalembedwe paliponse. Dziko lino lili ndi mitundu yoposa 400 ya maluwa otchedwa orchid, aja ena mwa iwo timakumba mizu yake popanga chikande, kapena kuti chinaka, ndipo yoposa 200 imapezeka ku Nyika. Ndi ana angati a ku Dwambazi, oyandikana ndi nkhalango yotetezedwa, amene adakhalapo pansi n'kuyang'anitsitsa limodzi mwa maluwa amenewa?

Wina asanene kuti kujambula si chikhalidwe chathu. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, zoyera zidajambulidwa ndi Achewa pogwiritsa ntchito dothi loyera, ndipo zambiri mwa zoyerazo ndi ntchito ya amayi, yokhudzana ndi chinamwali. Iwo ankajambula nyama ndi zizindikiro, koma luso losandutsa dothi kukhala utoto lidalipo kuyambira kale. Ndipo silidafe. Yendani m'midzi nyengo ya Khirisimasi ikamayandikira muone makoma amene amayi azira: m'munsi mwakuda, m'mwamba mofiira kapena moyera, pambali pa khomo duwa lalikulu lojambula ndi chala kapena kansanza. Ku Mua, malo a Kungoni amene adayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976 aphunzitsa osema ndi ojambula ambiri. Ku Chancellor College kudali Kay Chiromo, mmodzi mwa akatswiri a burashi amene dziko lino lidabala. Chimene chikusowa n'kungotenga dzanja lozolowera kuzira khoma lija, n'kulikhazika pamaso pa duwa lenileni.

Tsono zipangizo. Azungu nawonso sadayambe kale kwambiri kupenta ali panja, chifukwa utoto wawo ankausunga m'zikhodzodzo za nkhumba, zimene zinkaphulika ndi kuuma. Mu 1841 wojambula wa ku America, John Goffe Rand, adapeza njira yosungira utoto m'timachubu tachitsulo chofewa, ndipo kuyambira pamenepo ojambula adatha kunyamula ntchito yawo kupita nayo kumunda ndi kumtsinje. Mayi wina wa ku England, Marianne North, adayenda maiko ambiri, kuphatikizapo South Africa, akupenta zomera pamalo pomwe zamera, ndipo zithunzi zake zoposa 800 zili m'nyumba imene idatsegulidwa ku Kew mu 1882. Claude Monet wa ku France adakumba dziwe kwawo ku Giverny n'kudzalamo akakombo, ndipo adawapenta kwa zaka pafupifupi 30. Ife dziwe sitichita kukumba. Akakombo amamera okha m'madambo athu.

Machubu a utoto ndi okwera mtengo, ndipo m'magolosale a kumudzi simungawapeze. Koma theka la mitundu imene tikufuna tikuipondaponda. Katondo amapereka kufiira. Makala osinja ndi mwaye wa kukhitchini zimapereka kuda. Njereza kapena dothi loyera zimapereka kuyera, ndipo m'magombe a mitsinje mumapezeka dothi lachikasu. Kakonzedwe kake n'kosavuta koma kamafuna kufatsa. Dothi muliyanike, muliphwanye pamwala, mulisefe pa kansalu, kenako mulivundule m'madzi. Mchenga umakhazikika msanga. Madzi amatope a pamwambawo muwatsanulire m'chitini china, agone usiku wonse. Zotsalira pansi m'mawa mwake, zosalala bwino, ndizo utoto wanu. Kuti usamayoyoke ukauma, pamafunika chomatira. Utoto wa madzi wa m'sitolo amausakaniza ndi utomoni wa mitengo ya mtundu wa mthethe, ndipo utomoni womwewo mukausungunula m'madzi ofunda umagwira ntchito. Kuno kwa akondowole ena angafune kugwiritsa ntchito phala lopyapyala la ufa wa chinangwa. Limamata ndithu, koma mphemvu zimalikonda, choncho chithunzi chotere chisungidwe mosamala. Burashi ndi kamtengo kotafuna kunsonga, kapena nthenga ya nkhuku pa mizere yopyapyala. Pepala likasowa, kuseri kwa kalendala yakale kapena katoni yopakidwa njereza zimakwanira.

Ndisakunamizeni kuti dothi lili ndi zonse. Mtundu wobiriwira ndi wovuta. Madzi ofinya m'masamba amaoneka bwino lero, koma pakapita masiku amasanduka odera. Chidede chimapereka kufiira kokongola, nakonso kumazilala. Mtundu wa buluu ndiye m'dothi mwathu mulibe. Choncho kalabu kapena sukulu ikapeza kandalama, igule kabokosi kamodzi ka utoto wa madzi kapena makrayoni, ndipo igwiritse ntchito mosinira. Buluu pang'ono pa chikasu amabala wobiriwira. Buluu pa wofiira amabala mtundu wa duwa la khobwe ndi la mbatata. Kabokosi kamodzi kangatumikire gulu lonse ngati ntchito yaikulu yachitika ndi pensulo ndi dothi.

Nanga nthawi? Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya kupalira ndi kubandira, ndiponso ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Munthu amene akuganiza za ufa wa mawa simungamuuze kuti ataye tsiku lonse pa duwa, ndipo ine sindikupempha zimenezo. Ndikupempha m'mawa umodzi. Alangizi amakonza kale masiku achionetsero pa minda yachitsanzo. Masukulu a pulayimale ali kale ndi phunziro la Expressive Arts, limene nthawi zambiri limathera pa kuimba ndi kuvina chifukwa chosowa zipangizo. Awiriwa atagwirizana, mlimi wotsogolera n'kupereka munda wake Loweruka lina, ana n'kufika cha m'ma 6 koloko maluwa a maungu akadali otsegula, pofika 9 koloko ntchito ikhala itatha, mitambo ya masana isanasonkhane. Kuno mvula imagwa yambiri ndipo mpweya umakhala wachinyontho, motero utoto umachedwa kuuma. Pakani mopyapyala, dikirani, kenako muwonjezere. Khalani pamthunzi, chifukwa pepala loyera padzuwa limathobwa m'maso. Ndipo aliyense asankhe duwa limodzi lokha. Woyamba kumene amafuna kuika munda wonse papepala, ndi nyanja yomwe, n'kutsiriza wopanda chimene wachiona bwino.

Pa m'mawa wotere agogo asasiyidwe kunyumba. Iwo ndiwo kalozera wa mayina. Ku Dwambazi Chitonga ndi Chichewa zimakumana pamsika, pachigayo ndi padoko, choncho pansi pa chithunzi chilichonse palembedwe dzina la chomeracho m'zinenero zonse ziwiri, tsiku, malo, ndi ntchito yake: ichi ndi ndiwo, ichi ndi mankhwala a m'mimba, ichi mbuzi sizidya. Luni, denje, chisoso ndi bonongwe zili ndi maluwa amene ana ambiri sadawayang'anepo, chifukwa timazithyola zisanafike pamenepo. Mdzukulu akafunsa kuti, "Agogo, ichi dzina lake n'chiyani?" ndipo agogo n'kuyankha, dzina lija lapeza pogona pena. Zithunzi zikasonkhanitsidwa chaka ndi chaka n'kusokedwa pamodzi, sukulu imakhala ndi buku la zomera za dera lake, lolembedwa ndi eni dera.

Pali maluwa awiri amene ndikufuna aphunzitsi awasamale. Loyamba ndi lija limayanga m'tchire m'nyengo ino, lofiira ndi chikasu, masamba ake opindikira m'mwamba, limene anzathu a ku Zimbabwe adalisankha kukhala duwa la dziko lawo, ndipo pa Chingerezi amati flame lily. Palibe wojambula angalidutse. Koma chomera chonsecho ndi poizoni, makamaka njere ndi mizu yake, imene mwana angaiyese kambatata. Lijambulidwe pomwe lamera, lisakumbidwe, ndipo pansi pa chithunzi palembedwe chenjezo ndi zilembo zazikulu. Lachiwiri ndi kakombo. Amatsegula m'mawa n'kutseka masana, ndipo mwana amafuna kulowa m'madzi kuti amuone pafupi. Madzi odikha a m'bango ndiwo nyumba ya nkhono zofalitsa likodzo, ndipo kumathiriro a mitsinje ya kuno kumakhala ng'ona. Kakombo ajambulidwe munthu ali pamtunda, pamalo amene asodzi ndi akuluakulu a m'mudzi avomereza.

Kwa achinyamata amene dzanja lawo lapsa kale, amene amagulitsa zithunzi kwa alendo ku Kande, ku Chintheche ndi ku Nkhata Bay, ndili ndi mawu pang'ono. Ndimalemekeza ntchito yanu, ndipo ndikudziwa kuti mumajambula zimene zimagulidwa: bwato, mlambe, dzuwa lofiira pa nyanja, mayi wosenza mtsuko. Koma zithunzi zimenezi zachuluka, ndipo wogula akaona khumi zofanana amayamba kutsitsa mtengo. Duwa la mvunguti, lofiira moderako, limene limatsegula usiku n'kuchezeredwa ndi mileme, m'mawa n'kupezeka litagwa pansi, ndi ochepa amene adalijambulapo. Chimodzimodzi duwa loyera la mlambe womwewo, limene limalendewera mvula ikamayandikira. Thonje limatsegula duwa loyererako, mawa lake n'kukhala lofiirira. Yesani zimenezi, mulembe dzina lake la kwathu pansi pake, muone ngati mlendo sangaime nthawi yaitali patebulo panu.

Amfumu, a komiti ya sukulu, alangizi ndi inu amayi a m'magulu a kumpingo, nkhaniyi ndaitula m'manja mwanu. Pakufunika munda umodzi, mapensulo, zitini za dothi losefa, ndi munthu wamkulu woyang'anira ana. Maungu, khobwe ndi therere zikhala zikuchita maluwa mpaka cha mu Malichi. Amene muchedwe kukonzeka, deliya wa m'mbali mwa msewu amachita maluwa ake achikasu mvula ikamatha, cha mu Epulo ndi Meyi, ndipo masamba ake omwewo mukhoza kuwafotsera m'dimba ngati manyowa mukamaliza kujambula.